Uta wa Mkamwini

"Tolani uta wanuwo, alamu. Kapena makutu atsekeka ndi ukalamba?"

Uta unali gone pabwalo pafupi ndi mtondo, pomwe unagwera a Lyton atauponya kuchokera m'nyumba. Ndaziona anamva kulira kwake pogwa, kuti thwa! ndipo anadziwiratu kuti pena pake pathetheka. Anatula ndowa yomwe anasenza, madzi n'kukhavukira pansi, iye osalabadira.

"Amalume, mwalowa bwanji kuchipinda kwa eni ake? Tsitsi lomwe tidameta pamaliro a amayi silinamere n'komwe, inu mwayamba kale kututa katundu?"

"Iwe tseka pakamwa, ndikulankhula ndi mlendo."

"Mlendo? Munthu adafika m'mudzi muno ine ndisanabadwe, lero ndine mayi wa ana atatu, inu mukuti mlendo?"

A Lyton anali mlongo wawo wa malemu a Elizabeti, amayi ake a Ndaziona. Ndiwo anali mwini mbumba, ndipo udindowo ankauvala ngati jekete yatsopano, yosavula ngakhale dzuwa liswe mtengo.

"Mlendo ndi mame, mwana iwe, sachedwa kukamuka," anatero uku akupukuta manja pa buluku. "Mkamwini ndi tonde wobwereka. Akamaliza ntchito amabwerera kukhola la kwawo. Mlongo wanga wapita, ndiye awa akudikira chiyani? Adabwera ndi uta wokhawu, atuluke ndi uta womwewu."

Kwathu kuno, kumbali ya Kabudula, uta wa mkamwini ukatulutsidwa panja ndiye kuti mawu atha. Palibenso kukhala pansi, palibe kufunsa kuti ndalakwanji. Achinyamata a lero sadziwa n'kugwira komwe uta, koma mwambo wopirikitsira munthu wokha ndiye aliyense amaukumbukira bwino. Zoipa sizikalamba, abale.

Abambo ake a Ndaziona, a Mathias Mbewe, anali pakhonde kusema mpini. Anaika kasemasema pansi, n'kudzuka pang'onopang'ono atagwira mawondo. Anatola utawo n'kuyendetsa chala m'mbali mwake mpaka chinaima pa mng'alu wautali chakunsonga.

"Ndamva, alamu," anatero motsitsa mawu. "Kukana sindikana. Koma taonani zomwe mwachita. Mwamuna akabwerera kwawo ndi uta wothyoka, abale ake amati adachimwa kuchikamwini, mwina adam'gwira ufiti kapena kuba. Kodi ine ndachimwa chiyani pamudzi pano?"

A Lyton anayang'ana kumbali. "Sindinati mwachimwa."

"Ndiye ndiloleni ndiukonze. Tsiku lomwe ndidzaukunge, lomwelo ndidzanyamuka."

"Mawu anu omwewo. Musadzawameze."

Atachoka a Lyton, Ndaziona anatembenukira bambo ake mwaukali.

"Ababa, mwavomera? Basi, mwangovomera ngati nkhuku yapachikwatu?"

"Ndi mwambo, mwanawe."

"Mwambo wa chiyani! Njerwa za nyumba iyi adaumba ndi mwambo? Mitengo ya mango yonseyi adadzala ndi mwambo? Mupita kuti? Ku Kasiya kuja alongo anu onse adatha, minda adagawana adzukulu osadziwa n'nkhope yanu yomwe. Mukagona m'khola la mbuzi?"

"Mulungu sasowa pogoneka munthu."

"Musandiuze za Mulungu, ababa, ndikuuzeni za amalume. Suja mudamuona bwana wa galimoto yoyera uja akuyendera dimba lathu? Akufuna adzalemo anyezi wake. Amalume akudziwa kuti inu muli pano sangagulitse, poti zitsime zonse zija mudakumba ndinu, malire mukuwadziwa ndinu. Ine akundiona ngati mkazi wopanda pogwira, poti bambo a ana awa adapita ku Joni n'kuiwala njira. Si mwambo uwu ayi, ndi dyera."

A Mbewe ankangosisita uta wawo. Unali wa mtengo wa mtowo, wakuda bii ndi mafuta ndi utsi wa zaka zambiri, ndipo pogwirira padalowa m'kati motsata zala zawo.

Tsiku la msika a Mbewe anapalasa njinga kupita ku Kabudula, n'kubwerako ndi mchira wa ng'ombe wokulungidwa m'masamba a nthochi. Ndaziona anawapeza m'chigafa, momwe fodya adachokamo kalekale, atakoleza makala m'phale.

"Tandigwirire apa," anatero. "Usafinye kwambiri."

Anagwira, mtima ukukana. Madala aja anawamba utawo pamakala mpaka mtengo unafewa, n'kudontheza utomoni wotentha mumng'alu, kenaka anamanga ndi luzi lonyowa mothinitsa. Atatero anatenga mchira uja. Sanaucheke m'litali ayi. Anangoulemba ndi mpeni kutsinde n'kuyamba kusenda chikopa chathunthu, kuchivula ngati sokosi. Chikadali chachiwisi choncho, anachiveka kunsonga kwa uta, n'kumachikoka pang'onopang'ono mpaka chinaphimba mng'alu wonse. Mbali inayo anaikulunga ndi nsinga kuti mphamvu zilingane.

"Chikopa ichi chikamauma chimafupika," anafotokoza. "Chimaugwira mtengo kuposa waya. Pomwe padathyoka m'pomwe padzalimbe kuposa pena paliponse. Koma chiumire pamthunzi. Ukachiika padzuwa chimang'ambika."

"Chiuma liti?"

"Mphepo ikafuna."

Anaupachika utawo pamtanda wa chigafa n'kutuluka akuimba nyimbo ya kutchalitchi chapansipansi. Ndaziona anatsala akuyang'ana chikopa chija. Zinamuwawa kwambiri kuti manja ake omwe athandiza kukonzera bambo ake ulendo. Mphepo ya mwezi wa Ogasiti inali kuwomba mosanyengerera, yowumitsa milomo ndi zidendene. Apo m'pomwe nzeru ina inam'fikira, nzeru ya munthu wothedwa nzeru.

M'mawa uliwonse popita kukathirira kudimba, ankayamba walowa m'chigafa ndi kheni yake. Ankanyowetsa kansanza n'kukulunga pachikopa paja mpaka chitamwa, kenaka n'kuchotsa kansanzako. Madzulo pobwera, chimodzimodzi. Chikopa chikati chiyambe kugwira, Ndaziona n'kuchibweza. Sabata inatha, ina n'kulowa, chikopa chili lobodo.

A Lyton anatopa n'kuyendera. Ankafika, kutsina chikopa, n'kutuluka akutukwana chamumtima.

"Alamu, kodi ng'ombe imeneyi idafa ndithu, kapena ikadali moyo?"

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, alamu," ankayankha a Mbewe, koma iwonso nkhope inali yodabwa.

Ndaziona ankaseka yekha kudimba. Anayeseranso kupita kwa amayi ake aang'ono, a Edina, kuti mwina amayi a pamudzi angalankhulepo. A Edina anangogwira kukamwa.

"Mwana wanga, zikundiwawa ngati iwe. Alamu aja adandisamalira ine pomwe amuna anga adamwalira, adandifolerera nyumba osapempha ngakhale chiponde. Koma ndingatani ine? Achimwene akalusa, mawa ndi ine."

"Chaona mnzako chapita, amayi."

"Ndikudziwa, iwe. Usandiphunzitse miyambi."

Chinthu chobisa sichikhalitsa, makamaka chikakhala cha nyama. Chikopa chija chinayamba kununkha. Ntchentche zobiriwira zinadzaza m'chigafa, ubweya n'kumasosoka wokha. Tsiku lina m'mawa Ndaziona akukulunga kansanza kake, anamva kutsokomola kumbuyo. Abambo ake anali ataima pakhomo la chigafa.

"Ndiye mvula yake ndi imeneyi, eti? Ine kumadabwa kuti chigafa chikudontha bwanji chilimwe chino."

Ndaziona sanachite manyazi. Anaponya kansanza pansi n'kuwayang'ana m'maso.

"Ee, ndine. Ndipo mukaveka china ndinyowetsanso. Mugule michira ya ng'ombe zonse za ku Kabudula, ine madzi sandithera."

A Mbewe anatsitsa utawo, n'kukanda chikopa chowola chija ndi chikhadabo. Pansi pake mtengo unali utayamba kuchita nkhungu.

"Taona. Ukadapitiriza, ukadaoletsa ndi mtengo womwe. Uta uwu adasema ndi malume anga, tsiku lomwe ndinkabwera kuno adandipatsa m'manja. Ndi chinthu chokhacho pamudzi pano chomwe palibe anganene kuti si changa. Alamu anga authyola, iwe ukuuoletsa. Nonse mukundilanda."

Mawu amenewo anamulasa Ndaziona. Misozi inalengeza, koma anaimeza.

"Ine ndimafuna mukhale, ababa."

"Ndikudziwa. Koma kuba masiku si kumenya nkhondo. Ngati uli ndi mawu, kawanene poyera, dzuwa likuwala, osati ndi kansanza m'chigafa."

"Nanga inu anu mudanena liti? Zaka zonsezi akuti limani apa, mulima. Akuti kumbani manda a uje, mukumba. Pamilandu ya pamudzi mumakhala kumbuyo ngati mwana. Muvi woyang'anira suchedwa kulowa m'maso, ababa, ndipo uwu walowa kale."

"Mkamwini alibe pakamwa, mwanawe. Ndi momwe ndakhalira mwamtendere ndi amako."

"Amayiwo kulibe tsopano. Mtenderewo mukusungira yani?"

A Mbewe anatenga mpeni n'kuyamba kupala chikopa chowola chija. Pa msika wotsatira anakagulanso mchira wina. Ulendo uno Ndaziona sanayandikire kuchigafa. Ankangoona patali abambo ake akupaka utawo mafuta a nsatsi, akupota nsinga yatsopano pantchafu, akuipaka phula. Chikopa chinauma gwa, n'kuugwira mtengo ngati chidamera pomwepo. Ukachigogoda ndi chala chinkalira ngati fupa.

A Lyton atachitsina n'kupweteka chala, anamwetulira. "Loweruka m'mawa tisudzulane, alamu. Ndiitana abale aone kuti zayenda mwaulemu."

Loweruka anthu anasonkhana pabwalo dzuwa litangokwera. Amuna anakhala pamipando pansi pa mango, amayi pamphasa chapatali. A Edina anabweretsa kathumba ka ufa ndi nkhuku yomanga miyendo, kamba wa paulendo, ndipo anaziika pansi osadzutsa mutu. Katundu wa a Mbewe anali atamangidwa kale panjinga: bulangeti, zovala m'chikwama, nkhwangwa. Moyo wonse wa munthu kukwana pakaliyala, kalanga ine!

A Lyton analankhula nthawi yaitali. Anayamikira alamu awo kuti anali munthu wofatsa, wosadziwa ndewu, wolimbika pantchito. Ndaziona ankangoluma mano. Munthu ukamam'tamanda chonchi ndiye ukum'pirikitsiranji?

"Tsono alamu, kungani uta wanu tikuperekezeni."

A Mbewe anaimirira. Anazika nsonga imodzi pansi n'kuiponda, anaika bondo pakati pa uta, n'kugwira nsonga yam'mwamba kuti aikokere pansi akolowekemo nsinga. Anakoka. Uta unangogwedera pang'ono n'kubwerera. Anapuma, n'kulavulira m'manja, n'kukokanso. Mitsempha ya m'khosi inatuluka, mikono ikunjenjemera, koma nsinga inaperewera chikhato chathunthu. Anali ataulimbitsa utawo mopitirira, moyenera mikono yomwe anali nayo pobwera, osati yomwe yatsala lero. Atayesa kachitatu bondo linaterereka, madala aja n'kugwada m'fumbi.

Wina mwa achinyamata anaseka. A Lyton nawo anaseka, n'kudzuka akupinda malaya.

"Tsobola wakale sawawa. Bweretsani kuno ndikukungireni, tisachedwe ndi zamasewera."

Ndaziona sanadziwe kuti wadzuka nthawi yanji. Anangopezeka ali pakati pa bwalo, atautsomphola utawo manja a malume ake asanaufike.

"Manja omwe adauthyola asaugwirenso!"

"Iwe! Mkazi sagwira uta!" anakuwa mkulu wina. Kumphasa kuja amayi anati "Hiii!" onse pamodzi.

Iye anamanga chitenje molimba, n'kuponda nsonga monga anaonera. Mikono yake inali yosinja, yotunga madzi m'zitsime za kudimba chilimwe chonse, yonyamula mabelo a fodya popanda mwamuna. Anaika bondo, n'kutsamira ndi thupi lonse. Uta unalira kuti kwee, n'kupindika. Chikopa cha mchira chija chinagwira osatekeseka. Nsinga inalowa m'malo mwake, ndipo ataikhudza ndi chala inalira kuti ndiii, bwalo lonse kumva.



"Amalume," anatero akupuma mwabefu, "mudapangana kuti wokunga uta anyamuka tsiku lomwelo. Ababa sanaukunge, nonse mwaona. Ndakunga ndine. Ndiye wonyamuka ndine. Ngati mukupirikitsa bambo anga, mwapirikitsa ine, mwana wa mlongo wanu, pamodzi ndi adzukulu anu atatu. Tione ngati mudzatchedwe mwini mbumba wa mitengo ya mangoyi."

Ankayembekeza kuti a Lyton achita mantha, poti mwini mbumba wothawidwa ndi mbumba yake ndi chitonzo mpaka kumadera akutali. Koma nkhope ya a Lyton inawala ngati ya munthu wotola chikwanje panjira.

"Mwamva nonse, eti? Sindinam'pirikitse ine, wanena yekha ndi pakamwa pake. Njira ndi iyo, mwana wa mlongo wanga. Tenga ana ako, tenga ndi mapoto omwe. Nyumba ndi dimba tiona chochita ife otsala."

Ndaziona anazindikira kuti wadzitchera yekha msampha, wapereka m'manja chinthu chomwe malume ake sakadatha kulanda. Dimba linali lake mwa amayi ake, ndipo mwambo womwewo womwe unkapirikitsa abambo ake ndiwo unkam'teteza iye. Tsopano walitaya ndi lilime lake. Anayang'ana kwa a Edina, a Edina anaphimba nkhope ndi mpango. Kubweza mawu pamaso pa anthu onsewo kunam'kanika. Anakoleka uta paphewa n'kuitana ana ake.

"Tiyeni, kamangeni zovala zanu. Ababa, gwirani njinga."

"Ndaziona."

Sanali mawu omwe ankawadziwa. Anali okhuthala, ochokera pansi pa chifuwa. Anatembenuka. A Mbewe anali atadzuka, fumbi likadali m'mawondo.

"Bweretsa uta wanga."

Anawapatsa. Madala aja anayenda kupita panjinga, n'kuyamba kumasula chingwe cha mphira chomwe chinamanga katundu. Bulangeti linagwa pansi, chikwama n'kutsatira. Anatola nkhuku ija, n'kuidula luzi la kumiyendo, nkhuku n'kuthawira kuseri kwa nkhokwe ikulira. Kathumba ka ufa anakabweza m'manja mwa a Edina.

"Alamu, mukutani?" anafunsa a Lyton. "Suja mudalonjeza?"

"Ndidalonjeza, ee. Ndimati ndikachoka mwakachetechete mwana wanga atsala pamtendere pamalo a amake. Lero ndaona ndi maso anga kuti si ine ndekha mumafuna ndichoke. Mwasekerera mwana wa mlongo wanu akupita kukasowa pogona, mano onse panja. Ndiye mawu anga aja ndameza, alamu, ndipo sakunditsamwa."

"Mwambo ukuti..."

"Mwambo ukuti musamale mbumba. Inu mukuigulitsa kwa wa anyezi."

Ha! Anthu anayang'anana. Chifikireni m'mudzimo, palibe adamvapo a Mbewe akudula munthu mawu. Nkhani ya anyezi ija ambiri ankaidziwa, koma inali isanatchulidwepo pabwalo. Akuluakulu ena anayamba kukanda pansi ndi ndodo zawo.

A Mbewe anakwera pakhonde n'kukhala pampando wawo, uta wokunga uli chopingasa pamiyendo. Analibe muvi ngakhale umodzi, koma palibe anasendera. Ndaziona anakakhala pansi pambali pawo, ana ake n'kumuunjirira. Mantha anali atam'thera.

A Lyton anatuwa ndi mkwiyo. "Anyamata, anyamuleni! Akaikeni pamsewu pamodzi ndi mpando wawowo!"

Anyamata aja anayang'anana. Mmodzi anayamba kukonza lamba wa nsapato, wina anatembenuka ngati waitanidwa kuseri. Kenaka a Edina anadzuka pamphasa, kathumba ka ufa kali m'manja. Anadutsa pamaso pa mlongo wawo osawayang'ana, n'kukakhala pamasitepe a khonde. Mayi wina anawatsatira, kenaka winanso, mpaka pamphasa panatsala mbale zokha.

"Ndati anyamuleni!" anakuwanso a Lyton, mawu akusweka.

A Mbewe anawayang'ana modekha alamu awo, ngati akuwamvera chisoni.

"Musadzivute, alamu. Kundinyamula mudzandinyamula ndithu, tsiku lake likubwera. Koma mudzandinyamula kamodzi kokha, nditagona chagada." Anadzutsa uta n'kuloza ndi nsonga yake kumsitu wa kumanda, kutsidya kwa dimba. "Ndipo simudzalowera kumsewu. Mudzalowera uko, kwa Elizabeti."